Kusintha mabowo a malimu pa galimoto yakalekale, kachitidwe kake ndi aka

Amene muli ndi Beetle, Peugeot 504, Datsun 1200 kapena Benz ija ya W123 vuto la malimu mukulidziwa kale. Amene ali mbwee pamsika ndi ochotsa ku galimoto zochokera ku Japan, 4x100 ndi 5x114.3, nde mukafika ku Ndirande kapena ku Malangalanga nkunena kuti mukufuna 4x140 ya Peugeot anyamata amangoyang'anizana, kenako wina nkutulukira kuti bwana tengani awa tingokulitsa mabowo ndi tupa alowa bwinobwino. Amene uja muthaweni. Mabowo amasinthidwa ku habu kapena ku dilamu komwe masitadi, mabawuti omangirapo manati a tayala aja, amakhala, ndipo ndi ntchito ya makina, osati ya tupa ndi maso.

Manambala aja tanthauzo lake ndi ili. Yoyamba ndi kuchuluka kwa mabowo, yachiwiri ndi kukula kwa bwalo lomwe limadutsa pakatikati pa mabowo onsewo mu mamilimita, amakaniko amangoti PCD. Galimoto zaku England ndi ku America zinkayezedwa mu mainchesi, nchifukwa chake mumaona manambala osamveka ngati 114.3 yomwe ndi mainchesi 4.5, kapena 101.6 ya Mini yakale ndi Morris Minor yomwe ndi mainchesi 4, kapena 165.1 ya Land Rover yomwe ndi 6.5. Cortina, Escort ndi Capri ndi 4x108. W123 ndi 5x112. BMW E30 ndi Citi Golf ndi 4x100, eni ake a izi alibe vuto ndi PCD, malimu ake amapezeka paliponse. Datsun 1200 ndi Nissan 1400 ndi 4x114.3.

Musanagule kalikonse yezani nokha galimoto yanu, musadalire chaka chomwe chalembedwa pa bulubuku. Galimoto ya zaka 50 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, wina anasintha ekiselo yakumbuyo mu 1980 ndipo palibe amene anakuuzani, pena mumapeza kutsogolo kuli kwina kumbuyo kuli kwina. Pezani vernier, kachida kachitsulo koyezera mamilimita molondola, tepi ya telala isiyeni kunyumba. Ngati mabowo ndi 4 kapena 6 nzophweka, mumayeza kuchoka pakati pa bowo kufika pakati pa bowo lomwe layang'anizana nalo, nambala yomwe mwapezayo ndi PCD basi. A 5 ndi amene amasokoneza anthu chifukwa palibe bowo loyang'anizana ndi linzake. Apa yezani mabowo awiri oyandikana, pakati mpaka pakati, muchulukitse ndi 1.701. Mukapeza 65.8 ndi 5x112, mukapeza 67.2 ndi 5x114.3, mukapeza 70.5 ndi 5x120. Taonani mmene 65.8 ndi 67.2 zayandikirana, kusiyana kwake sikufika mamilimita awiri, ndi maso simungazione. Kupeza pakati penipeni pa bowo ndi vernier kumavuta, nde chomwe mungachite nkuyeza kuchoka m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo loyamba kufika m'mphepete mwa kumanzere mwa lachiwiri, yankho limatuluka lomwelo.

Kuyandikana kumeneku ndi komwe kumapweteketsa anthu. Limu ya 4x100 imalowa pa Fiat ya 4x98, imalowanso pa Mini ya 101.6 mukaikankha, 5x120 ya BMW imalowa pa Chevrolet ya 5x120.65. Kulowa imalowa ndithu ndipo manati amamangika, koma nati iliyonse imakhala yagwira mbali imodzi yokha ya bowo, sitadi nkumapindika pang'onopang'ono tayala likamazungulira. Poyamba mumangomva sitiyaringi ikunjenjemera mukafika 80, mupita kokapanga balansi, sizisintha, mwezi wina sitadi imodzi nkuduka, otsalawo nkusenza katundu wa mnzawo, mapeto ake tayala limakupitirirani pamsewu inu muli mkati.

Mukadziwa PCD yezaninso bowo lalikulu lapakati lija. Ambiri amaliiwala. Malimu a Toyota a 4x100 bowo lake ndi 54.1, a Honda 56.1, a VW ndi E30 57.1, Ford 63.4, Nissan zambiri 66.1, Benz 66.6. Limu ya bowo laling'ono kuposa mphuno ya habu siyingakhale pansi olo mabowo a manati atagwirizana bwanji, imatsala m'malere. Ikakhala ya bowo lalikulu bola, pali timaringi ta pulasitiki kapena aluminiyamu totsekera mpatawo kuti tayala likhale pakatikati, a lefu, makina osemera zitsulo aja, akhozanso kukupangirani.

Tsopano njira zake. Yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ndi yosintha habu, dilamu kapena disiki nkuyikapo ya galimoto ina ya banja lomwelo yomwe inabadwa kale ndi mabowo omwe mukufunawo. Palibe choboola palibe chowotcherera, chitsulo chimakhala momwe a fakitale anachisiyira. Nditenge Beetle chifukwa ndi pomwe zimaoneka bwino.

Beetle zakale mpaka cha mu 1967 zinali ndi mabawuti 5 otalikirana kwambiri, 5x205, limu yake pakati ndi chibowo chachikulu choti mutu nkulowa. Kuyambira 1968 anasintha nkupita ku 4x130. Za ku South Africa zinkapangidwa ku Uitenhage mpaka 1979, koma chaka musachidalire, monga ndanenera muyeze kaye yanuyo. Pa Beetle tayala limamangidwa pa dilamu penipeni, kutanthauza kuti mukasintha madilamu anayi mwasintha PCD, nkhani yatha. Anthu ambiri amathamangira 5x130 ya Porsche chifukwa cha malimu aja a Fuchs, ndipo makampani ngati EMPI amagulitsa madilamu ndi madisiki obooledwa kale, komanso ena osaboola nkomwe oti mukabooletse PCD yomwe mukufuna. Amene muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena Cape Town kumeneko zinthu za Beetle zimapezeka.

Kutsogolo, masulani pang'ono mabawuti a tayala galimoto idakali pansi, ikwezeni ndi jeke, ikani masitandi achitsulo, njerwa ayi zimaphwanyika mosachenjeza. Chotsani kachipewa ka girizi. Ku tayala lakumanzere kuli kebulo ya sipidomita yomwe imatulukira pa kachipewako, chotsani kaye kakilipi kake, ndipo nati ya mbali imeneyi mazinga ake ndi obwerera, imamasuka mukaizunguza mbali yomwe manati ena amamangira. Anthu akhala akupha mazinga pamenepa akulimbana nayo ndi chipaipi. Bwezani ma adjuster a buleki kuti dilamu lituluke mosakakamiza, ikani mabeyaringi atsopano ndi silu yatsopano mu dilamu latsopanolo, girizi wokwanira. Mabeyaringi amasiyana malinga ndi chaka komanso mtundu wa kutsogolo, mpaka 1965 kunali link pin, kuyambira 1966 ball joint, madilamu ake sasinthana, nde pogula munene bwinobwino yanu ndi iti. Pomanga nati ya beyaringi mangani uku mukuzunguza dilamu mpaka lilimbe pang'ono, kenako bwezani pang'ono kuti lizizungulira momasuka koma osagwedera.

Kumbuyo ndi komwe kuli thukuta. Pali nati yaikulu ya sipanala ya 36 yomwe inamangidwa pa 300 Nm (mlingo wa mphamvu yomangira nati) kapena kuposa, imeneyi muimasule galimoto ili pansi, hendibuleki yokoka, giya yolowetsa, matayala otsekera ndi mitengo, mutachotsa kaye pini yake. Mukayesa galimoto ili pa jeke muigwetsa. Dilamu lakumbuyo limalowa pa mano a ekiselo, ndipo manowo kutalika kwake kunasintha mu 1968. Dilamu la 1968 kupita mtsogolo khosi lake ndi lalitali, mukaliyika pa ekiselo yakale nati siyifika pa bowo la pini, pamafunika a lefu adule khosilo. Ma shoe a buleki akumbuyo nawonso anakula kuchoka pa mamilimita 30 kufika 40 chaka chomwecho, nde ambiri amangotenga zonse pamodzi ndi mbale yake yakumbuyo. Pobwezeretsa nati ija imangeni mpaka pa mlingo wake, bowo la pini likapanda kuonekera pitirizani kumanga mpaka lionekere, osabweza m'mbuyo, ndipo pini ikhale yatsopano osati msomali. Nati imeneyi ikakhwefuka mano a dilamu amadyeka, tsiku lina mudzaponda mafuta injini nkumalira galimoto osasuntha.

Galimoto zina nzeru yake ndi yomweyi. Mustang za 1965 za six cylinder zinali ndi masitadi 4 pomwe za V8 zinali ndi 5x114.3, nde eni ake amangosamutsa za V8 kutsogolo ndi kumbuyo. A E30 ofuna 5x120 amatenga zida za M3 kapena za BMW zina zapambuyo pake. Kombi inachoka pa 5x205 kupita pa 5x112 mu 1971. Funsani kaye kuti kodi galimoto yanuyo ilibe m'bale wake yemwe anabadwa ndi mabowo enawo.

Ikakhala ilibe, njira yachiwiri ndi kubooletsa habu. Pitani kwa anthu a injiniyaringi amene ali ndi milling machine ndi tebulo lozungulira lija logawa madigiri, osati wa dirilo yapamanja pansi pa mtengo. Iwo amagwira habu potengera pomwe pamakhala beyaringi kuti bwalo latsopano likhale pakatikati penipeni. Kuchoka pa mabowo 4 kupita pa 4 ena nkosavuta, amangotembenuza madigiri 45 mabowo atsopano nkugwera pakati pa akale, bola chitsulo chikhale chokwanira m'mphepete, komanso mutu wa sitadi upeze pokhala pafulati kuseri kwake. Koma 4 kupita 5 pali masamu ovuta. Mabowo 4 amatalikirana madigiri 90, mabowo 5 madigiri 72, mungatembenuze bwanji limodzi mwa atsopanowo limayandikira lakale ndi madigiri 9 kapena kuchepera. Pa bwalo la 114.3 madigiri 9 ndi mamilimita 9 okha pomwe bowo la sitadi limaposa 12, ndiye kuti mabowo awiriwo alowana. Lakalelo liyenera kutsekedwa kaye, ndipo ngati ndi fulanje ya ekiselo yachitsulo wodziwa ntchito amatha kuliwotcherera nkulisalaza pa lefu, koma dilamu kapena habu ya cast iron musalole kuti aiwotcherere, imachita ming'alu yosaoneka. Mmisiri akakuuzani kuti apa chitsulo nchochepa sindiboola, muthokozeni, ameneyo ndiye wodziwa.

Galimoto zokoka kumbuyo ngati Datsun ndi Cortina masitadi akumbuyo amakhala pa shafuti ya ekiselo, nde shafutiyo iyenera kusololedwa nkupita nayo ku makina, dilamu lake limodzi chifukwa nalonso lifunika mabowo atsopano. Poti mwatsegula kale sinthiranitu beyaringi ndi silu. Masitadi atsopano ali ndi timano kukhosi, bowo limakhala locheperako pang'ono kuti timanoto tilume, ndipo amalowetsedwa ndi pulesi. Zowakoka ndi nati ndi mfuti ya mpweya zija zimatambasula sitadi isanayambe ndi ntchito yomwe.

Pa 4x140 pali kachinyengo kena komwe eni Subaru zakale, zomwe PCD yake ndi yofanana ndi 504, amachita. 140 ndi 139.7 ya Hilux ndi bwalo limodzi tingotero, nde amasiya masitadi awiri oyang'anizana, kuchotsa awiri enawo, nkuboola anayi atsopano kukhala 6x139.7, malimu a mapikapu aja nkumalowa. Pa Peugeot muonetse kaye mmisiri ngati habu yake ili ndi nyama yokwanira malo onse anayiwo musanatengeke nazo.

Njira yachitatu ndi ma adapter, chimbale chomwe mumamanga pa habu ndi PCD yakale icho nkukhala ndi masitadi ake a PCD yatsopano. Ubwino wake simuononga kanthu, tsiku lomwe mwatopa nazo mumangomasula galimoto nkubwerera mwakale, komanso ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Koma adapter ili ndi thupi, zambiri ndi mamilimita 20 mpaka 30, za 4 kupita 5 zimakhala zokhuthala kuposa apo chifukwa zambiri ndi zidutswa ziwiri zomangana. Thupi limeneli limakankhira tayala kunja. Kuseri kwa limu kumakhala kutalembedwa ngati 15x6J ET35, ET ndi mtunda kuchoka pakati pa limu kufika pomwe imakhudza habu. Mukaika adapter ya 25 pa limu ya ET35 zimakhala ngati mwaika ET10, tayala latuluka ndi mamilimita 25 mbali iliyonse. Likatuluka kwambiri limakhula madigadi mukakhota kapena mukagwera mu dzenje mutanyamula anthu, sitiyaringi imalemera, mabeyaringi amatha msanga. Mwayi wake ngwakuti malimu a galimoto zokoka kutsogolo za ku Japan ET yake imakhala yokwera, 35 mpaka 45 umu, pomwe galimoto zambiri zakale zokoka kumbuyo zimafuna yotsikirapo, nde kawirikawiri adapter imabwezera tayala pafupi ndi pomwe limayenera kukhala. Koma werengani musanagule, osati mutagula. Onani ET ya limu yoyambirira, chotsani kukhuthala kwa adapter pa ET ya limu yatsopano, manambala awiriwo ayandikane, ndipo ngati limu yatsopano ndi yotakata kuposa yakale theka la kutakatako limapita kunja theka mkati komwe kuli shoko ndi mapaipi a buleki.

Pomanga adapter palani dzimbiri lonse pankhope ya habu ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, kachidutswa kamodzi ka dzimbiri nkokwanira kupendeketsa tayala. Mukaimanga dutsitsani lula pamwamba pake, masitadi akale asatulukire kupyola nkhope ya adapter, akatulukira limu imakhala pa iwowo m'malo mokhala pa adapter, nde muwafupikitse kapena limu ikhale ndi timaenje kuseri. Manati amkatiwa ndi amene amaiwalika chifukwa tayala likalowa saonekanso, amangeni ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira ija. Ndipo adapter yopanda dzina, yopepuka ngati mbale ya nsima, ya mtengo wokomera, isiyeni pomwepo. Yabwino imakhala ya aluminiyamu yolimba yosemedwa pa makina kapena yachitsulo, ndi masitadi a giredi 10.9 kapena kuposa.

Pali timabawuti tina ta kolala yosewera, amati wobble bolts, topangira kusiyana kwakung'ono ngati 4x98 ndi 4x100. Timagwira pokhapokha kusiyanako kuli cha pa mamilimita awiri ndipo limu ndi ya mabowo a kona. Kupyola apo iwalani. Zobooletsa limu ya aluminiyamu zimathekanso pa makina ngati kuseri kwake kuli kodzadza, koma malimu ambiri kuseri ndi mphako, ine sindizilimbikitsa.

Manati nawo ndi nkhani payokha, ndipo anthu amangotola aliwonse mu chitini. Toyota, Honda ndi Mazda mazinga ake ndi M12x1.5, Nissan, Subaru ndi Suzuki ndi M12x1.25, nati ya Toyota pa sitadi ya Datsun imalowa kawiri katatu nkuyamba kulimba, mukaikakamiza mwapha sitadi. Beetle ya 5x205 mabawuti ake ndi M12, ya 4x130 ndi M14. Pomwe nati imakhala pa limu palinso mitundu itatu, ya kona ya madigiri 60 yomwe ili pa malimu ambiri ogula padera, yobulungira ya VW, Benz ndi Porsche, ndi yafulati ya washa ya malimu a aluminiyamu a Toyota. Pokhalira pa nati pamatsatira limu osati galimoto. Yobulungira mu bowo la kona imagwira ndi kamzere kochepa, imamasuka yokha. Komanso iyenera kuluma mazinga okwanira, osachepera kunenepa kwa sitadiyo, pa M12x1.5 ndiye kuti izungulire ka 8 isanalimbe. Malimu a aluminiyamu ndi okhuthala kuposa achitsulo nde masitadi akale nthawi zambiri amapezeka afupika, werengani pomanga. Pa galimoto ya mabawuti ngati Beetle ndi Benz samalaninso kuti asatalike, lalitali limapyola nkukakhula masipuling'i a buleki mkati mwa dilamu, mumamva kuti tiki tiki tiki mukazunguza tayala.

Matayala asanalowe pa malimu atsopano yesani kaye limu yopanda tayala, imangeni ndi manati onse, izunguzeni ndi dzanja, onani ngati siikukhudza kalipa ya buleki kapena tie rod, khotetsani sitiyaringi mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Imikani sukuludiraiva pa sitandi nsonga yake itatsala pang'ono kukhudza mlomo wa limu, zunguzani muone mpatawo, ukamakula nkumachepa ndiye kuti china chapendekeka kapena mabowo sali pakati, bwererani kwa amene anaboola. Wogulitsa malimu mugwirizane naye zobweza musanalipire, limu ikangovekedwa tayala ambiri amakana. Posankha tayala yesetsani kuti msinkhu wonse ufanane ndi wakale kuti sipidomita isamaname.

Pomaliza kumanga tsatani nyenyezi, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, koyamba ndi dzanja galimoto ili m'mwamba, komaliza ndi torque wrench ili pansi. M12 zambiri zimasewera pa 100 mpaka 110 Nm, mabawuti a M14 a Beetle cha pa 130, mazinga akhale ouma opanda girizi kapena oilo. Zodumphira pa wilo sipanala ndi phazi zija ndi zomwe zimadula masitadi. Ngati munatsegula mapaipi a buleki chotsani mpweya, pondani pedo kangapo musanatuluke pageti. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 bwerezani manati onse, ndipo ngati muli ndi ma adapter chotsani matayala mufike kwa amkati aja.

Madilamu, mahabu ndi malimu oyambirira musagulitse kwa a zitsulo zakutha. Pakani oilo, muike pouma, tsiku logulitsa galimoto wogula wodziwa zakale adzafunsa zimenezo ndipo mtengo umasintha. A inshuwalansi auzeninso kuti mwasintha. Ndipo gulani malimu asanu osati anayi, sipeya yakale ija siyilowanso pa habu yomwe mwasintha, pa Beetle muyesenso ngati yatsopanoyo ikukwana mu chibowo chake kutsogolo boneti nkutsekeka. Wilo sipanala nayonso muione, manati a malimu atsopano mutu wake umatha kukhala 17 kapena 21 pomwe yanu ndi 19, ndipo malimu ena mabowo ake ndi opapatiza moti pamafunika soketi yopyapyala, imeneyo izikhala mu galimoto momwemo.